Makalata atatu m'chitini cha agogo

Lolemba lapitali, tili mkati mwa masamu, chimakina chosalaza msewu chinayamba kulira kuseri kwa mpanda wa sukulu yathu. Ana 57 anathamangira kumazenera, kukankhana, ena mpaka kukwera pamabenchi. Wa 58 analowa kunsi kwa desiki n'kudziphimba kumutu ndi chikwama. Pano ndimutcha Yamikani, ngakhale si dzina lake. Ali ndi zaka 11, ali mu Grade 5, ndipo kuyambira Januwale walembedwa kasanu m'buku la olakwa: kugona m'kalasi, kuchedwa, ndiponso kumenya mnzake amene anangomugwira phewa kuchokera kumbuyo.

Ndinachita zomwe mphunzitsi wotopa amachita. Ndinakuwa kuti atuluke. Sanatuluke. Anzake anayamba kuseka. Nditawerama kuti ndimukoke mkono, ndinaona kuti kabudula wake wanyowa, ndipo thupi lonse likunjenjemera ngati wagwidwa malungo. Apo ndinadziletsa. Ndinalamula kalasi yonse kuti tikamalizire masamu panja, ndipo palibe anadandaula, chifukwa m'mwezi wa Julayi kuno aliyense amafuna kadzuwa. Mnyamatayo ndinamusiyira juzi yanga padesiki osanena kanthu. Patapita kanthawi anatuluka ataimanga m'chiuno.

Ndaphunzitsa zaka 14 kuno kum'mawa kwa Harare, m'dera la Mabvuku ndi Tafara. Agogo anga aamuna anachokera ku Dedza m'nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chija chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963, ndipo anagwira ntchito yophika m'nyumba za azungu ku Highlands mpaka msana unapindika. Mabanja ngati athu ndi ambiri kuno. M'kalasi timayankhula Chingerezi ndi Chishona. Chichewa chimatulukira kumaliro, ku CCAP Lamulungu, kapena gule akatuluka, amene anzathu amamutcha zvigure. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa pa zinenero 16 zovomerezeka, koma ine sindinaonepo kalata ya sukulu yolembedwa m'Chichewa, ndipo, kunena zoona, inenso ndinali ndisanaganizepo zolemba imodzi.

Pa nthawi ya tiyi ndinafotokoza nkhaniyi m'chipinda cha aphunzitsi. Mnzanga wina, munthu wabwino ndithu amene amagulira ana makope ndi ndalama zake, anangoti, "Kwawo sasamala. Tawalembera makalata atatu, wabwera ndani?" Sindinamutsutse, poti makalatawo ndinalemba ndine, ahedi n'kudinda. Mawu akuti "sasamala" ndi okoma m'kamwa mwa mphunzitsi. Ukawatchula, nkhani yatha, ntchito yachoka m'manja mwako.

Lachiwiri linapita ndi zina. Kunali kusonkhanitsa mayina a amene sanamalize fizi, ndipo ndinakangana pang'ono ndi akalaliki pa nkhani yowerenga mayinawo pamzere wa m'mawa. Chiyambire 2020 lamulo la maphunziro limaletsa kuthamangitsa mwana chifukwa cha fizi. Koma kuitana dzina lake pamaso pa sukulu yonse n'kumuthamangitsa komwe, kungoti amachoka yekha. Ngongoleyo ndi ya munthu wamkulu, ndipo iyenera kukambidwa ndi munthu wamkulu, chitseko chili chotseka. Tinagwirizana kuti mayina apite m'maenvulopu. Mtsikana wina wa Grade 6 anabwera kudzapempha zodzitetezera za kumwezi, ndinamupatsa za m'kabati mwanga. Yamikani anabwera mochedwa, anagona phunziro lachiwiri lonse, ndipo ndinamusiya. Pomwe ankaweruka ndinamufunsa motsitsa mawu, m'Chichewa koyamba, kuti, "Agogo amapezeka nthawi yanji pakhomo?" Anandiyang'ana ngati ndamera nyanga. Kenaka anati, "Dzuwa likapendeka."

Tsiku lomwe ndikufuna kukamba kwenikweni ndi Lachitatu.

Nditaweruka ndinakwera kombi mpaka pomwe phula lathera, kwinako n'kuyenda pansi, mnyamatayo ali patsogolo, kulowera cha ku Caledonia. Amene sadziwa Harare sangamvetse kulemera kwa dzinali. Mu 2005, pa ntchito ya boma yotchedwa Murambatsvina, nyumba ndi timisika ta m'matauni titagwetsedwa, anthu ambiri a mu Harare anatutidwira pa famu ya Caledonia. Lipoti la United Nations lomwe analemba Anna Tibaijuka linati anthu pafupifupi 700,000 m'dziko lonse anataya pokhala kapena popezera chakudya. Lero malowa ndi mudzi waukulu wa nyumba zosiyanasiyana, zina za njerwa zokongola, zina za matabwa ndi mapulasitiki. Ya agogo a Yamikani ndi chipinda chimodzi cha matabwa kuseri kwa nyumba ya munthu wina. Pabwalo panali poseseredwa bwino moti mizere ya tsache inkaoneka.

Anandiona ndikadali patali, ndipo ndinaona nkhope yawo ikutsekeka. Anayamba kuyankhula Chishona chaulemu kwambiri, chija munthu amayankhula ndi wapolisi. Ine ndinagwada pambali pa mphasa n'kunena kuti, "Odi, agogo. Mwaswera bwanji?"

Anakhala chete kanthawi. "Ndaswera, kaya inu amayi. Kodi ndinu akwathu?"

"Ndine Naphiri, mdzukulu wa a Phiri a ku Dedza."

"Ine Nabanda. Bambo anga anali a ku Ntcheu. Khalani pampando, musagwade pa fumbi."

Sindikunena kuti Chichewa ndi mankhwala. Ndikadabwera ndi kope ndi cholembera m'manja, Chichewa chomwecho sichikadatsekula kanthu. Ndinaphunzira kalekale, nditalakwitsa kangapo, kuti pakhomo la munthu wosauka suyamba ndi vuto la mwana wake, ndipo suponyaponya maso kuwerenga zomwe zili m'nyumba. Ndinayamba n'kuwauza kuti mdzukulu wawo amawerengera ndalama m'mutu mwachangu kuposa aliyense m'kalasi, zomwe ndi zoona. Anaseka. "Nanga si ndiye amandisinthira? Madola ndi ndalama zathu za ZiG zija ine zimandizunguza mutu." Anandipatsa madzi m'kapu ya pulasitiki. Ndinamwa, ngakhale ndikudziwa kuti madziwo ndi a pachitsime, ndipo kolera ya 2008 tonse tikuikumbukira. Kukana kapu imeneyo kukadatanthauza zambiri kuposa ludzu langa.

Kenaka analowa m'nyumba n'kutulutsa chitini cha mabisiketi. M'katimo munali makalata anga onse atatu, opindidwa bwinobwino, pamodzi ndi chitupa chawo, khadi la kuchipatala la mwana, ndi marisiti akalekale. Sanawataye. Anawasunga pamodzi ndi zinthu zawo zamtengo wapatali. Agogowa amawerenga Chichewa, anaphunzirira pa Baibulo ndi nyimbo za kutchalitchi, koma Chingerezi sachidziwa. Anapempha mwana wa eninyumba kuti awawerengere kalata yoyamba, ndipo iye anangowauza kuti, "Akukufunani ku ofesi, mupite ndi mapepala a mwana." Mapepalawo alibe.

"Amayi," anatero, "pepala la chidindo silinandibweretserepo chabwino. Likabwera, china chake chimachoka."

Anawerengera pa zala. Anabadwira pa famu ya fodya cha ku Goromonzi, n'kukulira komweko, kukwatiwa komweko. Mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, antchito anauzidwa kuti achoke, ndipo iwo analibe mudzi woti n'kubwererako, poti Ntcheu ankangoimva m'nkhani za bambo awo. Anapeza kachipinda kuseri kwa nyumba ina ku Tafara. Kameneko kanagwetsedwa mu 2005, m'nyengo yozizira ngati ino. Chaka chatha, kanyumba kena komwe anamanga pamalo omwe anagula kwa munthu wina wonyenga kanagwetsedwanso. Tsiku limenelo agogo anali atapita ku Mbare kukapikula matimati. Yamikani anali yekha m'nyumbamo, akugona, ndipo anadzutsidwa ndi kulira kwa buludoza ikugwetsa nyumba yoyandikana nayo. Anatuluka ndi bulangete lokha.

Apa ndinakumbukira mawu anga a Lolemba, "Tuluka msanga!", ndipo manyazi anandigwira.

Pa chitupa chawo palembedwa ALIEN, kutanthauza mlendo. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo anthu obadwira muno amene makolo awo anachokera kunja anayenera kukakana unzika wa dziko la makolowo. Ambiri a m'mafamu sanamve n'komwe za lamulolo. Malamulo a 2013 anakonza zimenezi: wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe, kholo lake lili la dziko la SADC ngati Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndipo akukhala muno, ndi nzika. Nditawauza, anagwedeza mutu mokayika. Anamvapo, koma sanayerekeze kupita, ngakhale pomwe olembetsa zitupa ankayendayenda m'madera chisankho cha 2023 chisanachitike. Mwana wawo wamkazi, mayi ake a Yamikani, sanakhalepo ndi chikalata chakubadwa, motero mwanayo alibenso. Mayiyo anawoloka Limpopo kupita ku Johannesburg zaka zitatu zapitazo. Poyamba ankatumiza kangachepe. Tsopano foni yake siilira.

"Amati mlendo ndi mame," anatero agogo. "Ife mame athu atha zaka 60 osakamuka, koma akutitchabe mame."

Za kugona m'kalasi sindinafunse, zinadziyankha zokha. Agogo amanyamuka 3 koloko usiku kuti akafike ku Mbare Musika magalimoto a alimi akamatsitsa katundu. Mwanayo amakana kutsala yekha m'nyumba chiyambire tsiku lija, choncho amadzuka nawo, kuwaperekeza pokwerera, kenaka n'kukaima pamzere wa pamjigo ndi zigubu ziwiri mpaka kucha. Pofika kusukulu amakhala atagwira kale ntchito ya maola anayi, kawirikawiri m'mimba muli tiyi wopanda mkaka basi.

Kukoleji anatiphunzitsa za kakulidwe ka mwana, koma zomwe ndikudziwa za mwana amene anaona zoopsa ndinaziphunzira m'kalasi ndi m'misonkhano ingapo ya alangizi. Mwana wotere thupi lake limakhala tcheru nthawi zonse, ngati mlonda amene sanauzidwe kuti kwacha. Phokoso, fungo, kapena dzanja lomugwira mosayembekezera zimamubwezera pa tsiku lija asanaganize n'komwe. Ena amamenya, ena amathawa, ena amauma ngati chitsa. Ukamukalipira pa nthawiyo, mawu ako samufika, amangomva kuti choopsa chawonjezeka. Ndipo mutu umene uli kalikiliki kulondera chitseko sungasunge matebulo a masamu. Chimene chimathandiza n'chosasangalatsa kuchilemba, chifukwa n'chaching'ono: tsiku loyenda mofanana dzulo ndi lero, kumuchenjeza zinthu zisanasinthe, munthu wamkulu mmodzi amene sasintha nkhope. Kumukakamiza kuti afotokoze zomwe anaona, makamaka pagulu, n'kumuvulazanso. Akafuna adzanena yekha.

Ndisanatsanzike, agogo anatulutsa nkhani ina imene ndinali nditaiwala. Teremu yatha ndinaona kuti Yamikani akubwera ndi matenesi ong'ambika, ndipo ndinamubweretsera nsapato zakuda zomwe mwana wanga anazisiya. Ndinamupatsa m'kalasi, anzake akuona, ndikudziona ngati mngelo. M'mawa mwake ndinazipeza padesiki langa m'jumbo. Ndinakhumudwa, n'kumati mwanayu ndi wamwano.

"Ndinamuuza ndine kuti abweze," anatero agogo. "Anabwera akulira. Anzake ankamuimba kuti wavala za madamu. Ife ndife osauka, amayi, koma si ife opemphetsa."

Ndinapepesa. Mphunzitsi kupepesa kwa kholo si chinthu chozolowereka kuno, ndipo agogowo anachita ngati sanamve, n'kuyamba kukamba za mtengo wa matimati. Koma anandiperekeza mpaka kumsewu.

Lachinayi linali la misonkhano, ndipo sindikutopetsani nayo yonse. Ndinakhala pansi ndi ahedi ndi mphunzitsi amene amayang'anira za uphungu. Tinagwirizana kuti dzina la Yamikani lipite ku komiti ya m'dera imene imasankha ana olowa mu BEAM, thandizo la boma lolipirira fizi ana ovutika, lomwe linayamba mu 2001. Agogo sanadziwe kuti angapemphe, ankaganiza kuti ndi la okhala ndi zitupa zabwino okha. Ahedi anavomera kulemba kalata yotsimikiza kuti mwanayu amaphunzira pasukulu pathu, yoti ikathandize pokalembetsa chikalata chakubadwa, ndipo khadi la kuchipatala lija m'chitini ndi chuma chenicheni pa nkhaniyi. Tili ndi zaka ziwiri asanafike pa mayeso a Grade 7 a ZIMSEC, bungwe loyendetsa mayeso m'dziko muno, ndipo ndaona ana akuvutika pa nthawi yolembetsa mayesowo chifukwa cha pepala limeneli. Ndinaimbiranso mayi wina wodzipereka amene amagwira ntchito ndi a zachisamaliro cha anthu m'deralo, kuti adzapite ndi agogo ku ofesi. Paokha sangapite, ndipo sindikuwada.

Panali kusamvana kumodzi. Mnzathu wa uphungu ankafuna kuti tilembe nkhani yonse ya banjali n'kuiwerenga pamsonkhano wa aphunzitsi onse, kuti aliyense amumvetse mwanayo. Cholinga chinali chabwino, koma ndinakana. Nkhaniyo agogo anandipatsa ine, pamphasa pawo. Aphunzitsi ena akungofunika kudziwa ziwiri: musamugwire kuchokera kumbuyo, ndipo akagona phunziro loyamba musamulange. Zikadakhala kuti mwanayo akumenyedwa kapena kugwiriridwa, apo palibe chinsinsi, ndikadauza ahedi tsiku lomwelo, n'kudziwitsa a zachisamaliro cha anthu ndi apolisi, kapena kuimba 116 ku Childline. Koma umphawi si mlandu woti n'kukaneneza. Tikasokoneza ziwirizi, makolo amatiopa, ndipo akatiopa amabisa ndi zomwe timayenera kudziwa.

Za agogo eniake ndinaganizanso usiku wonse. Anandiuza kuti sagona, mutu umangozungulira. Achishona amati kufungisisa, kuganiza mopyola muyeso. Kuno ku Harare kuli ntchito ya Friendship Bench, imene dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare, yomwe amayi achikulire ophunzitsidwa amakhala pabenchi pafupi ndi chipatala n'kumamvetsera anthu mavuto awo. Ndidzawatchulira, koma osati sabata ino. Munthu amene wangoyamba kukukhulupirira sumutumiza kwina tsiku lomwelo. Ndipo ine ndine mphunzitsi chabe, wa malipiro amene satha mwezi. Ndili ndi ana ena 57, ndipo ndikudziwa kuti mwa iwo alipo ena amene kwawo kuli chitini chonga chomwechi, kungoti iwo salowa kunsi kwa desiki, amangokhala duu, ndipo timawatcha ana abwino. Sindingayende makomo onse. Usiku wa Lachinayi ndinakalipira mwana wanga chifukwa cha supuni yosatsuka, ndipo amuna anga anangoti, "Mayi a Tadala, kodi sukulu mwabwera nayo kunyumba?"

Lachinayi lomwelo ndinang'amba pepala m'kope n'kulemba ndi dzanja, m'Chichewa, popanda chidindo: "Agogo Nabanda, zikomo chifukwa cha madzi a dzulo. Palibe mlandu, palibe ndalama ikufunika. Mukapeza mpata mudzatione. Ine Naphiri." Ndinapatsa Yamikani.

Lachisanu m'mawa ndinaona chimakina chija chitaima pakona, oyendetsa akumwa tiyi. Ndinamuitana mnyamatayo belu lisanalire. Ndinamulozera pomwe chaima, n'kumuuza kuti lero chilira, kuti chikukonza msewu wokha, ndipo ndinamusamutsira pabenchi ya pafupi ndi chitseko. "Ukafuna kutuluka, tuluka, usapemphe. Ukakhale pansi pa mtengo uja ndizikuona." Chitayamba kulira cha m'ma 9 koloko, anauma kaye, kenaka anadzuka n'kutuluka. Ana ena anandiyang'ana kudikira kuti ndikuwe. Ndinapitiriza kulemba pabolodi. Patapita mphindi ngati 15 anabwerera n'kukhala pansi. Masamu a tsikulo analakwa pafupifupi onse.

Poweruka, mlonda anabwera kudzandiuza kuti pageti pali mayi wachikulire akufuna Anaphiri, ndipo iye sakudziwa kuti Anaphiri ndani. Ndinawapeza ataima kunja kwa mpanda, beseni lili pamutu. Ndinawapempha kuti alowe akaonane ndi ahedi. Anayang'ana khomo la ofesi, n'kupukusa mutu. "Lero ayi. Ndafika pageti, n'zokwanira." Anatsitsa beseni, n'kusankha matimati asanu akuluakulu kundiikira m'manja. Nditayamba kufunafuna kachikwama ka ndalama, anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Musandinyoze, amayi."

Anasenzanso beseni lawo, Yamikani atanyamula kampando kawo ka pamsika. Atayenda pang'ono anatembenuka.

"Nsapato zija zikadalipo?"

"Zilipo, agogo."

"Mudzabwere nazo kunyumba, kukada. Ndidzamupatsa ndine."